Kompresa ya pa injini yanyowa oyilo yonse: ndikonze kapena ndigule ina?

Mwini_lole_Chawama

Moni akuluakulu, amakanika ndi oyendetsa malole nonse muno.

Ndili ndi lole ya matani 8 yochokera ku Japan, injini ya dizilo ya masilinda 6. Kompresa yake ya mpweya wa mabuleki ndi ya silinda imodzi, yomangidwa pa injini, ndipo pampu ya dizilo imazunguliridwa kudzera m'kompresamo ndi coupling (cholumikizira shafti ya kompresa ndi ya pampu). Ntchito ya loleyi ndi kututa chimanga ndi soya kuchokera ku Chipata ndi Petauke kubweretsa kuno ku Lusaka.

Vuto ndi ili: kompresa yonse yanyowa oyilo wakuda kuyambira kumutu mpaka kunsi, ndipo akudonthera pa chasisi. Fumbi lamatirira moti pomwe akutulukira sipakuoneka. Ulendo umodzi wopita ndi kubwera ku Chipata ndikumawonjezera oyilo woposa lita imodzi. Chachiwiri, ndikatsegula kampopi ka pansi pa thanki yoyamba ya mpweya, kumatuluka madzi osakanikirana ndi oyilo, ooneka ngati tiyi wamkaka. Mpweya umadzaza, koma mochedwa kuposa kale, ndipo kompresa imayamba kupopa pafupipafupi ngakhale lole itangoima.

Ena akuti ndingogula kompresa ina, ena akuti vuto ndi oil seal yokha. Kodi ndiyambire pati? Nanga ndikaichotsa, timing ya pampu (nthawi yothirira dizilo) sisokonekera? Lole ikuyembekezeka kukayezedwa fitness ku RTSA (bungwe loona za magalimoto ndi chitetezo cha pamsewu ku Zambia) mwezi wamawa, ndiye ndikufuna ikonzedwe kamodzi kokha. Zikomo.

Spanala_Chinika

Achimwene, musagule kaye kalikonse. Mwafotokoza matenda awiri osiyana. Oyilo wa kunja kwa kompresa ndi nkhani ina, oyilo wa m'thanki ndi nkhani inanso. Nthawi zina gwero lake limakhala limodzi, koma kawirikawiri ayi. Ine ndiyankhe za kunjazo.

Kompresa yotere ilibe oyilo wakewake. Imalandira oyilo wa injini kudzera m'kapaipi kakang'ono kochokera ku gallery (njira yaikulu ya oyilo ya m'kati mwa injini), oyiloyo amadzoza mabering'i ndi khoma la silinda, kenako amatsikira yekha m'bokosi la magiya a timing n'kubwerera ku sampu. Choncho oyilo akhoza kutulukira polowera, potulukira, kapena paliponse pamene zitsulo ziwiri zakumana. Komanso akhoza kukhala kuti si wa kompresa n'komwe. Gasiketi ya tappet cover ikatha, oyilo amatsetsereka m'mbali mwa block n'kugwera pamutu pa kompresa, mphepo ya fani n'kumumwaza. Munthu amagula kompresa yatsopano, pakatha sabata nayonso yanyowa.

Choyamba ndi kutsuka. Ikani miyala kapena matabwa kumawilo, pendeketsani cab ndipo muikhome ndi chogwirizira chake, osadalira jeke ya cab yokha. Injini itazizira, tsukani kompresa ndi mbali yonse ya injini ya pamwamba pake ndi palafini kapena degreaser ndi burashi, tsukuluzani ndi madzi, muumitse ndi mpweya. Alternator ndi starter muziphimbe ndi pepala la pulasitiki. Pakauma, wazani pauda wa ana paliponse: pamutu, m'munsi mwa silinda, pa flange, pa kapaipi ka oyilo, ndi mozungulira shafti ya ku coupling. Lizani injini mphindi 15, mukuponda buleki pafupipafupi kuti kompresa izipopa. Tengani tochi ndi kagalasi, fufuzani malo okwera kwambiri pamene paudayo wada. Oyilo sakwera phiri. Pamene payambira mzere wakuda m'mwamba ndi pomwe pali bala, kunsi konseko ndi njira chabe. Ngati palibe chooneka, yendani makilomita 20 mumsewu wa Kafue mubwere mudzaonenso, chifukwa malo ena amadontha oyilo akatentha ndi kupyapyala.

Malo amene ndimawakayikira, kuyambira otchipa:

Kapaipi kolowetsa oyilo. Apa pali mphamvu yonse ya pampu ya oyilo ya injini, ndiye pakadontha pamadontha zedi, ndipo lita imene mukutayayo ikhoza kuthera pamenepa. Banjo bolt yake imakhala ndi mawashala awiri amkuwa, imodzi pamwamba ina pansi. Washala yamkuwa ikamangidwa kamodzi imalimba, ikabwezeredwa sigwiranso bwino. Ikani zatsopano. Zikasowa, wotchani zakalezo mpaka zifiire, muzisiye zizizire, zimafewanso. Bawutiyo ndi yobowoka m'kati, mukaikoka ngati bawuti wamba imaduka. Onaninso paipiyo pafupi ndi pomwe anawotcherera diso lake. Kakalampu kogwira paipi kakasowa, paipi imanjenjemera mpaka kung'aluka pamenepo, mng'alu wake wochepa ngati tsitsi.

Flange, pomwe kompresa yakumana ndi bokosi la magiya. Pamakhala O-ring yaikulu kapena gasiketi yapepala. Mabawuti akamasuka pang'ono, kompresa imagwedera ndipo O-ring imaphwatalala. Musanamange, onani bulaketi yochirikiza kompresa kumapeto kwake ngati ilipo ndipo sinathyoke. Amakanika ambiri amaisiya chifukwa bawuti yake ndi yovuta kufikira, ndiye kulemera konse kumatsalira pa flange. Mapeto ake khutu la flange limang'aluka, ndipo pamenepo gasiketi sithandizanso.

M'munsi mwa silinda ndi pa chivundikiro cha bering'i. Apa ndi magasiketi opyapyala kapena ma O-ring, ndipo amangonyowa, sataya kwambiri.

Pomaliza oil seal ya shafti ya ku coupling. Chizindikiro chake n'chosabisika: coupling imamwaza oyilo mozungulira, ndiye mumaona mzere wa madontho pa block, pa chasisi ndi kunsi kwa cab, zonse pamzere umodzi ndi coupling. Koma samalani, pampu ya dizilo nayonso ili ndi seal yake mbali inayo ya coupling yomweyo, ndipo pa injini zambiri zotere imadzozedwa ndi oyilo wa injini yemweyo. Pauda ndi amene adzakuuzeni kuti yolakwa ndi iti.

Oyilo akamaoneka pamutu penipeni pa kompresa, pa nati ya paipi yotulutsa mpweya kapena pa unloader (vavu yoimitsa kompresa kupopa mpweya ukadzaza), ameneyo wachokera m'kati, wadutsa maring'i. Imeneyo ndi nkhani ya m'thanki ija, ena aifotokoza.

Kummawa_Dizilo

A Spanala anena zoona. Ine ndikhale pa funso la timing, chifukwa apa ndi pomwe ntchito ya tsiku limodzi imasanduka ya sabata.

Pa injini zambiri za ku America ndi ku Ulaya kumbuyo kwa kompresa kumakhala pampu ya chiwongolero kapena kulibe kanthu, ndiye kuchotsa sikuvuta kwenikweni. Koma pa injini ngati Mitsubishi 6D16 shafti ya kompresa ndiyo njira imene pampu ya dizilo imalandirira mphamvu kuchokera ku magiya a timing. Giya ya kompresa ikalowa molumpha dzino limodzi, nthawi yothirira dizilo yasuntha. Pampuyo imazungulira kamodzi injini ikazungulira kawiri, ndiye n'zothekanso kuimanga mozondoka ndi theka la mzungulo, injini osalira n'komwe.

Chitani motere. Tulutsani mpweya wonse m'mathanki mpaka geji ifike pa 0, chotsani waya wa negative pa batire. Zungulitsani injini ndi dzanja kulowera komwe imazungulira ikamalira, mpaka chizindikiro cha pa flywheel cha silinda 1 ndi 6 chifike pa cholozera. Chizindikirocho chimabwera kawiri, ndiye tsegulani tappet cover mugwedeze ma rocker a silinda 1. Onse awiri akakhala omasuka, muli pa compression, ndi pamene mukufuna. Akakhala olimba, zungulitsaninso kamodzi. Mukapitirira chizindikiro, musangobwerera pang'ono. Bwererani kwambiri kenako mubwerenso kutsogolo, kuti mpata wa pakati pa mano a magiya ukhale mbali yoyenera.

Tsopano lembani zizindikiro ndi ponchi kapena chokandira, osati choko chimene chimafufutika ndi palafini: coupling ndi thupi la pampu, zidutswa ziwiri za coupling, ndi shafti ya kompresa ndi thupi lake. Jambulani ndi foni. Pa coupling pali mabawuti awiri okhala m'mabowo ataliatali, amenewo ndi osinthira timing. Ngati ntchito ikutheka osawamasula, asiyeni. Tizitsulo topyapyala ta coupling tisungeni mu dongosolo lake, ndipo kalikonse kong'aluka kasinthidwe, chifukwa coupling yopindika imagwedeza shafti n'kudya seal yatsopano m'miyezi yochepa. Kuyambira apa injini isazungulitsidwe, pampunso isakhudzidwe. Mano a giya akakhala opendekeka, shafti imatembenuka pang'ono pozula kompresa. Onetsetsani kuti yatembenukira kuti ndiponso mochuluka bwanji, chifukwa pobwezera mudzayambira pamenepo kuti ikakhazikika zizindikiro zikumane.

Za seal yeniyeniyo. Musanaizule, gwirani shafti muigwedeze m'mwamba ndi pansi, kenako muikankhe ndi kuikoka. Kugwedera kwa m'mbali kukamamveka m'dzanja, bering'i yatha, ndipo ndiyo inapha seal. Kuika seal yatsopano pa bering'i yotha ndi kutaya ndalama. Kenako yendetsani chikhadabo pomwe mlomo wa seal umakhudza. Chikhadabo chikakodwa, pali kamsewu kamene seal yakale inakumba mothandizidwa ndi fumbi. Njira zilipo zitatu: kukhazika seal yatsopano mozama kapena mosazama ndi milimita imodzi kapena ziwiri kuti mlomo ugwere pachitsulo chosalala, kuvalika kachitsulo kopyapyala ngati Speedi-Sleeve ya SKF, kapena kusintha chidutswacho ngati seal imayenda pa flange ya coupling osati pa shafti. Kupala ndi sandpaper yokhakhala kumangokulitsa vuto.

Pokagula, tengani seal yakale. Manambala atatu olembedwapo ndi kukula kwa m'kati, kwa kunja, ndi kuchindikala kwake mu mamilimita. M'masitolo a sipeya a ku Panganani Road kapena a mabering'i a mumsewu wa Lumumba akhoza kukupatsani yofanana kukula, koma funsaninso za mphira wake. Yakuda ya nitrile imapirira kutentha kwa pafupifupi madigiri 100, ya Viton imafika pafupifupi 200. Kompresa imatentha, ndiye ine ndimasankha Viton ngakhale ndi yodulirapo. Ikakhala ndi kamuvi, kamuviko kaloze komwe shafti imazungulira, apo ayi timizere ta pamlomo wake tizikankhira oyilo kunja m'malo momubweza. Sipuling'i iyang'ane m'kati, kumene kuli oyilo. Pakani oyilo woyera pamlomo, kulungani tepi pamazinga ndi pa keyway kuti zisacheke mlomo, ndipo muikhome ndi soketi yofanana ndi mkombero wake wakunja, molunjika. Seal ya PTFE, ija yopanda sipuling'i, imalowa youma, osaipaka kanthu.

Pomanga, mphamvu ya mabawuti muitenge m'buku la injini yanu. Buku likasowa, bawuti wamba ya M8 ya giredi 8.8 imamangidwa pafupifupi 25 Nm, ya M10 pafupifupi 50 Nm, koma nati ya giya ndi ya coupling musaiyerekeze, funsani kwa okonza mapampu. Mangani flange mopingasa, bulaketi yochirikiza pomaliza, ndipo isakoke kompresa kumbali. Musanalize, thirani oyilo pang'ono pabowo lolowera, zungulitsani injini ndi dzanja kawiri muone ngati zizindikiro zonse zakumananso. Ikalira, masulani banjo pang'ono mutsimikize kuti oyilo akufika, kenako mangani.

Utsi woyera, kuvuta kulira m'mawa ndi kufooka pachitunda zikutanthauza kuti timing yachedwa. Kugogoda kouma kukutanthauza kuti yafulumira. Zikatero musapite nayo ku mapiri a Manenekera ndi katundu, itanani wa mapampu adzayeze nthawi imene pampu imayamba kuthira dizilo (spill timing).

Mwini_lole_Chawama

Zikomo kwambiri akuluakulu. Tatsuka ndi kuwaza pauda monga munanenera. Malo awiri aoneka: pa banjo ya kapaipi ka oyilo pakudontha kwambiri, ndipo pa flange pakungonyowa. Bulaketi yochirikiza ilipo koma bawuti imodzi palibe. Ku coupling n'kouma. Pa nati ya paipi yotulutsa mpweya pali oyilo wakuda wouma ngati phula. Mnyamata wa pagalaja akuti timasule paipiyo tiike pepala loyera kutsogolo kwa kompresa, likada ndiye kuti maring'i atha. Kodi njira imeneyi ndi yodalirika?

Mabuleki_Mungwi

Ayi bambo, njira ya pepalayo isiyeni. A Bendix eniake, amene amapanga makompresa ndi ma air dryer (zoumitsira mpweya wa mabuleki), analemba m'malangizo awo ofufuzira mavuto kuti kuyeza kumeneko n'kosadalirika. Kompresa iliyonse ya pisitoni, ngakhale yatsopano, imatulutsa kautsi ka oyilo, chifukwa maring'i ndi mavavu amafunika kudzozedwa. Mukamasula paipi, kompresa ikupopera pamtetete popanda mphamvu yokankhira maring'i kukhoma, ndiye pepala lida basi. Makompresa abwino ambiri atayidwa chifukwa cha pepala.

Nkhani yabwino ndi yakuti ku coupling n'kouma. Koma O-ring ya flange idzafuna kuti kompresa ituluke, ndiye zonse zimene a Kummawa anena za timing zikugwirabe ntchito. Yambani mwabwezera bawuti ya bulaketi, kumanga flange ndi kusintha mawashala, mutsukenso muone. Mwina kunyowako kuchepa, koma O-ring ikakhala yophwatalala kale, ibwerera.

Tsopano za m'thanki. Funso si lakuti kodi oyilo akudutsa, koma n'chiyani chikumudutsitsa wochuluka. Mwanena mawu amodzi ofunika kwambiri mu funso lanu: kompresa imapopa pafupipafupi lole itangoima. Ndiye kuti mpweya ukuthawa penapake. Kompresa ya mabuleki inapangidwa kuti izipopa osapitirira gawo limodzi mwa magawo anayi a nthawi imene injini ikulira, nthawi yotsalayo izipuma ndi kuzizira. Ikamapopa kosalekeza imatentha, oyilo amapyapyala n'kudutsa maring'i, akafika kumutu amapsa n'kusanduka makala. Makalawo amachepetsa njira ya paipi, kompresa imavutika kwambiri kukankha, imatenthanso kuposa pamenepo. Vuto limadzidyetsa lokha. Phula mwaliona pa natilo ndi umboni wake.

Yezani motere. Dzazani mpweya mpaka governor (chipangizo cholamula kompresa kuti isiye kupopa) idule, zimitsani injini, mawilo atatsekedwa ndi miyala, masulani handbrake, dikirani geji ikhazikike. Pa lole yopanda ngolo mpweya usatsike kuposa 2 psi pa mphindi, yomwe ndi pafupifupi 0.14 bar. Pondani buleki mugwire: usatsike kuposa 3 psi pa mphindi, pafupifupi 0.2 bar. Ukapitirira, tengani botolo la madzi a sopo muwaze pa mfundo iliyonse, timipopi ta mathanki, potulukira mpweya pa foot valve ndi pa vavu ya handbrake, ma booster, exhaust brake, hutala, ndi paipi yopita ku clutch booster. Thovu likuonetsani. Kenako yezani kudzaza: injini ili pa liwiro logwirira ntchito, kuchoka pa 85 kufika pa 100 psi, kapena kuti 5.9 kufika 6.9 bar, kusatenge kupitirira masekondi 45. Geji ya malole a ku Japan imalembedwa mu kgf/cm² kapena kPa, ndipo 1 kgf/cm² ndi pafupifupi 1 bar.

Chachiwiri ndi kumene kompresa imapumira. Imakoka mpweya kuchokera ku air cleaner ya injini kudzera m'paipi yamphira. Sefa ikatsekeka ndi fumbi, kapena paipiyo ikafewa n'kumaphwafuka ikamakoka, pisitoni potsika imasowa mpweya ndipo imayamwa oyilo wa pansi kudutsa maring'i. Paipiyo ikang'ambika ndiye zoipa kwambiri, chifukwa kompresa imameza fumbi losasefa. Lole yolowa m'misewu ya m'minda ya ku Petauke mu Ogasiti ndi Seputembala imadya fumbi lochuluka, ndipo fumbi losakanikirana ndi oyilo limapala silinda ngati phala lopalira mavavu. Vulani paipiyo, lowetsani chala. Mukapeza fumbi m'kati, yembekezerani kuti maring'i ndi silinda zadyeka.

Chachitatu, paipi yotulutsa. Imasuleni mbali zonse ziwiri muyang'ane m'kati. Makala akachindikala kuposa milimita imodzi ndi theka, sinthani paipi yonse. Kuitokosa ndi waya kumangomasula zibenthu zimene zimakatseka mavavu kutsogolo. Yatsopanoyo ikhale yachitsulo, yamkuwa kapena ya PTFE yolukidwa ndi waya, yofanana kukula ndi kutalika ndi yakale. Mpweya wotuluka pamutu umatha kuyandikira madigiri 200, nayiloni imasungunuka. Kutalika ndi kupindapinda kwa paipiyo kuli ndi ntchito yoziziritsa mpweya usanafike ku air dryer, ndiye musaidule poganiza kuti mukuwongola njira. Itsetsereke kulowera ku dryer popanda chigwa pamene madzi ndi oyilo zingaime.

Chachinayi, kuzizira kwa mutu. Ngati ndi wamadzi, gwirani mapaipi ake awiri injini itatentha, onse akhale otentha. Imodzi ikazizira, njira yatsekeka ndi dzimbiri kapena miyala ya laimu. Madzi a m'zitsime za kuno ku Lusaka ali ndi laimu wambiri, mumaona momwe amachitira ndi ketulo, ndipo m'tinjira tating'ono ta mutu wa kompresa amachita chimodzimodzi. Thirani coolant yeniyeni. Ngati mutu ndi wozizira ndi mphepo, tsukani zipsepse zake, chifukwa matope a oyilo ndi fumbi amene anaikutawo anali ngati bulangete.

Zonsezi zikakonzedwa, tulutsani zonse za m'mathanki, sinthani cartridge kapena mankhwala a m'kati mwa air dryer, chifukwa timiyala take tikanyowa oyilo sitiyamwanso madzi. Ngati dryer yanu ndi yolandira cartridge yopota, ilipo ya mtundu wa coalescing yogwira oyilo, gulani imeneyo, ndipo imamangidwa ndi dzanja. Yendani milungu iwiri kapena itatu, mukukhetsera za m'thanki m'botolo loonekera m'kati. Lisiyeni usiku, oyilo adzayandama pamwamba. Kakhungu kopyapyala si vuto. Oyilo akachuluka ndithu, pamenepo ndiye kompresa itsegulidwe.

Musachedwe nazo. Oyilo amatupitsa mphira wa m'mavavu a mabuleki, vavu n'kuyamba kumata kapena kuchedwa kumasula. Potsika ku Luangwa ndi matani 8 kumbuyo si malo odziwira zimenezo.

Spanala_Chinika

Ndiwonjezere chimodzi chimene tonse tachidumpha: mphamvu ya mpweya wa m'sampu ya injini. Oyilo wa m'kompresa amabwerera ndi kulemera kwake kokha, palibe chomukankha. Injini ikakhala ndi blow-by yambiri (mpweya wodutsa maring'i a injini n'kulowa m'sampu), kapena breather (paipi yotulutsira mpweya wa m'sampu) ikatsekeka, mpweya wa m'sampu umamutsekera njira. Oyilo amadzadza m'kompresa, crank imamumenya, maring'i amalephera kumupala, ndipo O-ring ya flange ndi seal zimakankhidwa kuchokera m'kati. Apa ndi pomwe matenda awiri aja amakhala ndi gwero limodzi. Injini itatentha, onani paipi ya breather. Kautsi pang'ono n'kabwinobwino. Ikamapuma ngati sitima ndi kulavula oyilo, kapena dipstick ikamadzikankha yokha, vuto lili mu injini ndipo kompresa yatsopano idzachita zomwezo. Breather ikakhala chete koma chotsekera oyilo chikamafwenthera mukachimasula, yatsekeka, itsukeni. Oyilo asapitirirenso mzere wa pamwamba pa dipstick. Oyendetsa ambiri akadziwa kuti lole ikudontha amathira wopitirira kuti akafike, zimene zimangowonjezera.

Pa makompresa okhala ndi paipi yakeyake yobwezera oyilo, Bendix amafuna kuti m'kati mwake musachepere theka la inchi, pafupifupi mamilimita 13, ndipo itsike popanda kupindika.

Makanika_Matero

Ine pa flange ndimapaka silikoni pang'ono pamodzi ndi gasiketi, makamaka pa injini zakale zimene nkhope zake zinakandika ndi masikuludiraiva. Kupanda kutero imabwerera ikunyowa.

Pa funso la kukonza kapena kugula, kwa ine zimatengera silinda. Tsegulani mutu, tsitsani pisitoni, yendetsani chikhadabo pakhoma. Ngati palibe mizere yozama ndiponso palibe khwawa pamwamba pomwe ring'i yoyamba imathera, repair kit ikwana: maring'i, mavavu, magasiketi, ma O-ring a unloader. Palani silinda pang'ono ndi honing tool kuti timizere topingasa tibwerere, tsukani ndi madzi otentha a sopo mpaka nsalu yoyera isade. Ring'i iliyonse muiyeze kaye m'silinda, muikankhe ndi pisitoni kuti ikhale molunjika, muyeze mpata wake ndi feeler gauge molingana ndi pepala la kit. Mbali yolembedwa chizindikiro iyang'ane kumwamba. Ring'i imodzi yozondoka imapopera oyilo kumwamba m'malo momupala, kompresa n'kutaya kuposa poyamba. Mipata ya maring'i isakhale pamzere umodzi, ndipo isayang'ane ku pini ya pisitoni. Silinda ikakhala ndi mizere kapena crank ikadyeka, pezani kompresa ina. Ya pa injini yophwasula muitsegule mutu musanalipire, ndipo giya yake muwerenge mano ndi kuyerekeza zizindikiro ndi yanu.

Kummawa_Dizilo

Za maring'i ndikugwirizana nanu a Matero, koma za silikoni ayi, makamaka pa flange imeneyi. Bowo lobwezera oyilo limadutsa pamenepo. Mukamanga mabawuti, silikoni amene mukumuona atafinyikira kunja, wofanana naye wafinyikira m'kati. Amatseka theka la bowolo, kapena amaduka n'kukamatirira pa sefa ya pampu ya oyilo m'sampu. Mwatseka kudontha kwa kunja, mwayambitsa kwa m'thanki. Pomwe pali O-ring pasapakidwe kanthu kupatula oyilo kapena girisi pang'ono woigwira kuti isagwe polowetsa. Tsukani ngalande yake mpaka iwale, ndipo O-ring ikhale ya kuchindikala koyenera, osati yodula ndi kulumikiza ndi guluu. Pomwe pali gasiketi yapepala, palani zakale zonse ndi chopalira chosakanda aluminiyamu, ikani rula yachitsulo pankhope muone ngati yapindika, ndipo musanamange yerekezani mabowo a gasiketi ndi a flange. Magasiketi ena otchipa amabwera bowo la oyilo lili laling'ono kapena losemphana, ndipo ena amatheka kuikidwa mozondoka. Nkhope ikakhala yokandika kwambiri, pakani anaerobic flange sealant mopyapyala. Ameneyo amauma pokhapokha pomwe zitsulo zapanikizana, wotsalira m'kati amasungunukira mu oyilo osatseka njira.

A Chawama, pa tsiku lochotsa kompresa mukhale nazo kale izi: O-ring kapena gasiketi ya flange, mawashala amkuwa anayi, bawuti ya bulaketi ndi spring washer yake, oil seal ya ku coupling popeza kompresa idzakhala ili pabenchi kale, paipi yamphira yokokera mpweya ndi makalampu awiri, sefa ya air cleaner, ndi malita awiri a 15W-40 owonjezera. Ngati mutu ndi wamadzi, khetsani coolant mpaka itsike kunsi kwa kompresa musanamasule mapaipi, apo ayi madzi alowa m'bokosi la magiya. Bowo la pa injini mulitseke ndi nsalu yoyera nthawi yonse imene kompresa ili kunja, washala imodzi ikagweramo ndiye kuti bokosi lonse litsegulidwa.

Palafini wotsukira ndi zokhetsa za m'mathanki muzisonkhanitse m'chigubu mupereke kwa otolera oyilo wakale. Ku Chawama ndi ku Kanyama madzi a pansi ali pafupi kwambiri, ndipo anthu amamwa a m'zitsime zomwezo.

Mwini_lole_Chawama

Tayeza mpweya usiku uno. Injini itazima ukutsika pafupifupi theka la bar pa mphindi, ndipo sopo waonetsa thovu pa kampopi ka thanki yachiwiri ndi pa paipi ya exhaust brake. Paipi yokokera mpweya yafewa koma m'kati mulibe fumbi. Breather ikutulutsa kautsi kochepa. Mawa tiyamba ndi zimenezi pamodzi ndi banjo ndi bulaketi, paipi yotulutsa tiimasula tione makala. Kompresa tiichotsa Loweruka wa mapampu akapezeka. A Mabuleki, dryer yanga si ya cartridge yopota, ndi ija yomasula mabawuti. Kodi mankhwala ake amagulitsidwa paokha, kapena ndi kit yonse pamodzi ndi purge valve?